Wa Gulu Losankhika pa Mzere wa Soseji

Mumzinda wa Kassel ku Germany, m'chisanu cha 1946 nkhondo itatha, mzere wa pabutchala unafika mpaka pakona, soseji ili pafupi kutha. Bambo wina wa chikhoti cha usilikali chonyika mu utoto wakuda anadzilowetsa kutsogolo kwa mayi wina wa mpango kumutu.

"Bambo, mwasochera. Mzere ukuyambira kuseri kwa nyumba yogumukayo."

"Mayi, taonani pamkono wa chikhotichi. Mukuona pamene utoto sunagwire bwinopa? Panali kansalu ka dzina la gulu lathu. Gulu losankhika, la akasinja. Kutalika kwake ankachita kutiyeza."

"Nanga poti soseji sayeza kutalika?"

"Musaseke. Zikavuta pena paliponse, ankaitana ife. Moyo wathu wonse takhala kutsogolo."

"Gulu lanulo ndikulidziwa. Malemu amuna anga a Ottmar ankalitchula. Nsapato zaubweya zinkapita kwa inu, galimoto kwa inu. Zikatentha munkakwera n'kuthawa, iwo n'kutsala wapansi, atakulunga mapazi m'nyuzipepala."

"Mawu amenewo mubweze, mayi. Ife sitinathawepo. Tinkabwerera m'mbuyo mwadongosolo."

"Kuchokera kuti?"

"Kuchokera mkatikati mwa Russia."

"Mpaka pabutchala pano?"

"Mwadongosolo, ndanena. Ngakhale adani ankatitama. Palibe gulu lina linkaitha ntchito imeneyo ngati ife."

"Ndiye tadalitsika, tili ndi katswiri. Ine ndangoima pano chiyambire m'mawa, ana akudikira kunyumba, sindinaonepo mmene zimachitikira. Tationetsani, bwana wosankhika. Bwererani m'mbuyo mwadongosolo mpaka kuseri kwa nyumba yogumukayo. Galimoto lero kulibe, muyenda wapansi."