Nsanja ya nyale imene inandidyera mwendo wa alamu

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ndine mmisiri wa ku Mitundu, womanga mabalani a fodya, ndipo ndikufuna kukuuzani za tsiku limene kuuma mutu kwanga kunatsala pang'ono kupha alamu anga a Yohane.

Chaka chimene tinavotera zipani zambiri, ntchito inasowa. Tinamva kuti ku Mozambiki, nkhondo itatha, akufuna amisiri. Ndinatenga a Yohane, mchimwene wa mkazi wanga. Potsanzikana pa Nathenje, mkazi wanga anati, "Bambo, mlongo wanga ndi mmodzi yekhayu. Mubwere naye."

Ntchito yake inali yokonza nsanja ya nyale pakati pa nyanja yamchere. Inamangidwa kale ndi Apwitikizi pamatanthwe obisika m'madzi, pomwe sitima zinkasweka. Ankati poimanga panafa anthu ambiri. Nthawi ya nkhondo nyale inazima, makwerero achitsulo anadyeka ndi dzimbiri, maziko anang'ambika.

Ife nyanja tinali tisanaionepo. Tsiku loyamba boti linatitula pathanthwe louma pamodzi ndi amisiri anzathu, tinakanda simenti. Chakumasana mwini boti anati tonse tichoke, madzi akubwera. Ine ndinayang'ana kumwamba, kunalibe ndi kamtambo komwe. Kwathu mtsinje wa Diamphwe umadzala mvula ikagwa kumtunda, ndiye ndinaseka. Ndinati simenti yokanda kale sindingaisiye iume, adzatitenge akabweranso. Anzathu anapita. A Yohane anatsala chifukwa cha ulemu basi.

Madzi anabwera popanda mvula, pakuti nyanja yamchere imadzala ndi kuphwa yokha tsiku lililonse. Anafika m'mawondo, kenako m'chiuno. Boti linayesa kubwerera, koma mafunde analibweza. Chitseko cha nsanja chinali pamwamba kwambiri, makwerero otsala anali atatu okha. Funde lina linagwetsa a Yohane, mwendo unalowa mumng'alu wa thanthwe n'kuthyoka. Ndinawazula ndekha, ndinawamangirira kuchitsulo cha makwerero ndi lamba wanga.

Abale, ndinataya mtima. Magazi awo ankayandama pamaso panga, iwo atasiya ngakhale kubuula. Sindinapemphe kuti ndipulumuke. Ndinati Ambuye, ngati atsale kuno, inenso nditsale, pakuti ku Mitundu ndekha sindikafika.

Madzi atafika pachifuwa, kunatulukira bwato laling'ono. Munali bambo wachikulire, msodzi wachisilamu, amene atate ake anamanga nawo nsanjayo. Iye ankadziwa kampata kamodzi pakati pa matanthwe, komwe omanga akale ankadutsitsira miyala. Sanatikalipire. Anangotikokera m'bwato ngati matumba a chimanga.

Kuchipatala mwendo anaudula. Ntchito inathera pomwepo, ndipo ndinabwerera ndi munthu wa ndodo ziwiri. Titatsika minibasi pa Nathenje, mkazi wanga anayang'ana buluku lopindidwa la mlongo wake. Kenako anati, "Ndinati mubwere naye. Mwabwera naye."

A Yohane salimanso, amakonza njinga pamsika. Sanandinenepo mawu oipa, ndipo zimenezi zimandiwawa kuposa kutukwanidwa. Ndamva kuti nyale ija inayakanso, koma ine sindinaione.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la munthu wosalipempha bwino. Inu amene mwalakwitsa zosabwezeka, musaleke kuitana. Mwendo sunabwerere, koma Lamulungu lililonse ndimakweza alamu anga panjinga kupita kutchalitchi, ndipo kulemera kwawo kumbuyo kwanga ndiko yankho limene ndinalandira.