Mabotolo a Tsedale Asatsegulidwe

Mayi Askale Wondimu, ogulitsa tsabola pamsika wa Arada ku Dessie, akudziwitsa abale ndi abwenzi a ku Kombolcha, Hayk ndi Bati kuti mwana wawo, Dokotala Tsedale Belachew, watisiya. Ndi uja ankafufuza mpweya wokuta Nthanda, nyenyezi ya m'mamawa, naphunzitsa kunja zaka zonsezi, akumufunsa za ukwati iye n'kumangoloza kumwamba. Mwambo woika m'manda uliko mawa Lachiwiri kutchalitchi cha Medhane Alem. Akuti ochedwa sadikiridwa. Chilengezochi chachokera kwa Mayi Askale.

Mayi Askale akudziwitsa amayi a bungwe la maliro la m'dera lawo kuti pochotsa tenti Lachisanu, polongedza miphika ndi makapu a bungwe kuti agawane kosunga monga amachitira, anakokera kumodzi mabotolo achitsulo a m'chipinda cha malemu. Si a bungwe. Muli mpweya umene Tsedale anakatunga yekha m'maenje otentha a ku Dallol asanagone pamphasa, umene ankati ungamuuze za mitambo ya Nthanda. Ndiyo ntchito imene wasiya isanathe. Mabotolowo akupepuka, inde, koma musatsegule. Ukathawa, wokatunganso ali m'manda. Abwezedwe lero, osati mawa. Chilengezochi chachokera kwa Mayi Askale.

Mayi Askale akuthokoza onse amene abweza, ndipo akudziwitsa alamu awo, Mayi Tiruwork a ku Segno Gebeya, kuti lotsala lili kwa iwo, anthu analiona pambali pa mbaula. Atatumiziridwa mawu anayankha kuti aligwedeza, mulibe kanthu, ndipo likhoza kusunga bwino khofi. Mayi Askale akuti: "Alamu, mutu wanunso tikaugwedeza sumveka kanthu, koma palibe anautsegula." Libwere dzuwa lisanalowe, apo ayi Mayi Askale nsapato avala kale, abwera okha kudzalitenga. Chilengezochi chachokera kwa Mayi Askale.

Mayi Askale akudziwitsa Dokotala Kedir Yimam, mnzake wa malemu pantchito ku Addis Ababa, kuti abwere Loweruka adzatenge mabotolo. Zimene wanena zoti ayambe wakhala pansi ndi akuluakulu a kuntchito, Mayi Askale sakuzimva. Akawatenga amalize ntchitoyo, dzina la Tsedale likhale pamwamba, ndipo adzabwere kudzawafotokozera Mayi Askale pakhomo m'mawu omveka. Akapanda kulonjeza, abwerera chimanjamanja.

Akumudziwitsanso kuti limodzi laperewera. Mayi Tiruwork anabwera nalo, n'kupotokola chotsekera pabwalo pomwepo kuti onse aone kuti mulibe kanthu. Linangoti fyuu. Anthu anagwira mphuno n'kuthawa, ati mazira ovunda. Mayi Askale sanasunthe. Akuti ndilo fungo limene linkakhala m'zovala za Tsedale akachokera ku Dallol, lomwe ankamukalipira nalo, kumuletsa kukhala pampando asanasambe.

Botolo limenelo sapereka. Dokotala Kedir asavutike kulipempha. Chilengezochi chachokera kwa Mayi Askale Wondimu, amake Tsedale.