Anatseka Kontena Ine Ndili M'kati

Awulutsi, ndine mnyamata wa sekondale kuno ku Mwanza. Amalume anga amatsuka mathiraki a kampani ina kumalire. Amapita ndi thanki ya madzi ndi pampu pomwe magalimotowo aima.

Tsiku lina atatsuka kontena yopanda katundu n'kupita kukazimitsa pampu, ndinazembera m'katimo kuti akabwera ndiwadzidzimutse. Sindinkadziwa kuti akatsuka amatseka msangamsanga kuopa fumbi. Ndinangomva chitseko kuti gwa! Mdima bii! Kenaka injini inalira.

Abale, thirakiyo inkapita ku Beira. Ndinamenya chitsulo, ndinakuwa kuti, "Amalume! Amalume!" mpaka mawu anasasa. Mpweya ndinkauona kuchepa. Ndinkangoganiza amayi akundifunafuna kumaminibasi, ine ndikufera ku Mozambique komwe ngakhale moni sindimudziwa.

Pageti la pamalire, bwana wa kasitomu anatsegula kuti aone ngati munalibedi katundu. Ndinatulukamo ndikukuwa, maso ali psuu. Bwanayo anataya chipewa n'kuliyatsa liwiro akufuula, "Mayo ine, mzukwa!"

Amalume anandikwapula ndithu. Anzanga, musanabisale muzifunsa kaye komwe galimoto ikupita. Koma kuti ndionenso liwiro la bwana uja, ndikwapulidwenso kawiri sindingadandaule.