Chifukwa Chake Malemu Tryson Longwe Ankadyera M'chipinda

Malemu anabadwa pa 3 Meyi 1931 ku Chintheche. Chiphaso chawo cha ubatizo chimatero, ngakhale mlongo wawo, mayi Lyness, amene ndi mayi anga ondibereka, amati chinali chaka cha dzombe. Ndafufuza, zaka ziwirizi sizikugwirizana. Koma lero pali zosagwirizana zazikulu kuposa zimenezi, choncho ndipitirire.

Mu 1938 makolo awo anasamukira kuno ku Liwaladzi kutsata usodzi. Malemu anaphunzira pasukulu ya mishoni mpaka Sitandade 6, kenaka anagwira nkhafi ngati bambo awo. Mu 1957 anamanga ukwati woyera ndi mayi Dailesi. Mu 1979 analembedwa ukapitawo kuminda ya nzimbe ku Dwangwa. Anali katswiri wa bawo. Ndi iwo amene anandiphunzitsa, ndipo ndi digiri yanga yonse sindinawagonjetsepo.

Mu 1984 mawu awo anasasa, pakhosi panatuluka chotupa. Madokotala ku Blantyre anati ndi khansa. Mu 1985 anawachita opaleshoni, nawatumiza ku Harare kuti akawotche nthendayo ndi makina. Chotupa chinatha, ndipo mpingo unayamika Mulungu.

Apa ndi pamene panabuka funso lozunguza banja. Munthu wachira, nanga akuwondanso bwanji? Munthu amene ankamaliza kondowole ndi mpasa wathunthu, bwanji akubweza mbale za mlongo wake zosakhudza n'komwe? Kwathu kuno, kubweza mbale ya m'bale wako ndi kumuuza kuti ukumukayikira. Abale anapeza yankho mofulumira: mayi Dailesi akuwatsekera m'chipinda, akuwamana chakudya, akuwadanitsa ndi akwawo.

Akuluakulu, musandikoke jekete. Ndimaliza.

Yankho lenileni ndi ili. Makina aja anawaumitsa malovu, ndipo khosi linafota mkati. Ngakhale madzi akumwa ankawatsamwa. Chakudya chawo chinali phala la mpunga losefa pansalu, nsomba yosinja yochotsa minga yonse, dzira, ndi nthochi yokanya. Ankameza atagunditsa chibwano pachifuwa: kasupuni kamodzi, kutsokomola, kupuma, kenaka kena. Phala likazizira, mayi Dailesi ankakatenthetsa, n'kuyambiranso. Nthawi zina linkatulukira m'mphuno. Ndiye malemu anawalumbiritsa akazi awo kuti, "Amake Jenifa, kapitawo wathunthu asaoneke akutuluka phala m'mphuno. Mukangouza munthu, ndisiyiratu kudya." Mayiwa anasunga lumbirolo, nasenza dzina loipa kuti amuna awo azidya.

Pa Khirisimasi ya 1986 abale anasonkhana pabwalo pompano. Mayi anga anaika kondowole patsogolo pa malemu, nati, "Achimwene, ngati simukundiyesa mfiti, ndiponso ngati alamuwa sanakuletseni, idyani tione." Mayi Dailesi anati, "Sangathe." Wina anawayankha kuti, "Inu khalani chete, mwalamulira mokwanira." Malemu anayang'ana akazi awo, nayang'ana mlongo wawo. Pa bawo ankaona patali, ndipo ndikhulupirira kuti apanso anaona kuti akakana, wolakwa akhala mayi Dailesi. Anasamba m'manja, natema mbamu.

Kondowole mukumudziwa kunanda kwake. Anatsamwa mpaka kugwa cham'mbali, ndipo china chinalowa m'mapapo. Chinatsatira ndi chibayo, ndipo anawagoneka kuchipatala ku boma. Ine ndinafika kuchokera kuntchito ku Lilongwe, mawu awo atatsala a manong'onong'o. Anandifotokozera zonsezi pang'onopang'ono, nati, "Mphwanga, ukanene pamaliro. Manyazi anga atha ntchito." Anatisiya pa 9 Januwale 1987.

Amayi, sindikunena kuti munafuna zoipa. Munkafuna kuona mlongo wanu akudya, monga tonsefe.

Malemu asiya akazi awo mayi Dailesi, ana atatu, a Jenifa, a Lenard ndi a Alufandika, zidzukulu zisanu, ndi mlongo wawo mmodzi. Tikuthokoza mayi Rahila, anansi athu achisilamu, amene ankapereka mpunga wa phala osafunsa kuti ndi wa chiyani. Tikuthokozanso anamwino, anzawo a ku Dwangwa amene atithandiza ndi galimoto, amayi amvano, adzukulu okumba manda, ndi inu nonse amene mwasiya maukonde ndi makasu anu kudzalira nafe. Amalume, pitani mukapume. Mzimu wanu uuse mumtendere.

Chotsiriza. Ndamva kuti tikabwera kumanda, akuluakulu akhala pansi kuti mayi Dailesi achoke panyumba pano. Musanayale mphasa, mundithandize kamutu kamodzi kamene kandikanika. Tsiku lija, pa anthu onse amene munalipo, mmodzi yekha ndiye anati malemu sangathe, ndipo ndi amene mukufuna kumuchotsa. Enanu munati chiyani?