Kope la Tadala limene ndinataya m'bini

Abusa, amayi abusa, abale ndi alongo, moni m'dzina la Yesu. Aleluya! Ndikufuna kuchitira umboni, koma mundipirire, umboni wangawu uli ndi manyazi mkati.

Mukudziwa kuti ntchito zomanga zitaima muno mu Dublin, bambo akunyumba anakhala pansi. Nyumba yonse inatsamira pa ine ndi mashifiti anga osamalira okalamba ku Finglas. Nthawi yomweyo mwana wanga Tadala, amene amaphunzira bayoloje ku yunivesite, anasankhidwa m'pulogalamu yophunzitsa kafukufuku ana a ife obwera, kuti nawonso azifika kumaphunziro apamwamba. Anam'patsa mayi wina wachizungu, dokotala wa sayansi, woti azimutsogolera.

Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 6. Chimene ndinaona n'chakuti mwana wasiya tchalitchi. Lamlungu lililonse, "Mum, I have to feed them." Kudyetsa ndani? Akuti tinthu tosaoneka, timadya magazi. Magazi, abale! Ife tinakula tikuthawa opopa magazi. Mzungu wasankha mwana wako, wam'patsa kiyi wa chipinda chochitira kafukufuku, akumuitana tsiku la Ambuye kuti akagwire magazi. Inu mukanaganiza chiyani? Musaseke amayi a kwaya, munasala nane kudya inu.

Tsiku lina ndinapeza kope lake patebulo, lodzaza timizeremizere, tozungulira ndi manambala. Ndinalidzudzula m'dzina la Yesu, n'kukaliponya m'bini. M'mawa mwake galimoto ya zinyalala inadutsa.

Abale, munali ntchito ya miyezi iwiri mmenemo. Popanda kopelo analibe choonetsa kwa akuluakulu a pulogalamuyo, ndipo malo ake akanapatsidwa wina. Tadala sanakalipe. Anangokhala pansi pakhitchini n'kugwira mutu. Mwezi wathunthu osandilankhula. Mwezi! Tikudutsana pakhonde ngati alendo. Bambo ali duu pawindo, mwana ali duu kuchipinda, ine ndikusambitsa makolo a eni uku ndikulira. Ndinapha tsogolo la mwana wanga ndi manja angawa, pemphero lili pakamwa.

Kenako mayi wachizungu uja anakwera basi mpaka kwathu ku Mulhuddart. Ndinkadikira kunyozedwa. Iye anangoti, "Bwerani mudzaone." Ndinapita ku yunivesiteko ndi yunifolomu yanga yomwe. Anandiveka magolovesi, n'kundiuza kuti ndisuzumire m'makina okulitsa zinthu. Ndinaona timadontho tofiirira m'magazi.

Tadala anaima pambali panga, ndipo mwana woyankha m'Chingerezi uja analankhula Chichewa chake chothyokathyoka: "Amayi, awa ndi malungo. Ndi amene anapha achimwene."

Ankanena mwana wanga woyamba, amene ndinamuika m'manda ku Balaka ali ndi zaka zinayi. Tadala amangomudziwa pachithunzi. Ine ndinkati akutumikira mdima, chonsecho akusaka chimene chinandilanda mwana. 

Kope silinabwerere. Mayi uja anakapempha kuti amuwonjezere nthawi, anayambiranso limodzi, mpaka dzinja lonse. Bambo ntchito sanaipezebe. Koma sabata yathayi kalata yabwera: Tadala amutenga kukachita masitazi, digiri yachiwiri.

Zikomo Yesu, munakhululukira umbuli wanga, munatuma mlendo kudzanditsegula maso. Mukayang'ana pampando wa Tadala lero simumupeza, wapita kukadyetsa tinthu take tija. Kamba ndamulongedzera ndekha. Imirirani abale, ndithandizeni nthungululu, mawu anga atha. Ameni!