Kope la Lemekezani

Podikira minibasi ya ku Kabudula pasiteji ya Nsaru, a Kamwendo, bambo wachikulire atafumbata jumbo, anangoti maso dwii pachikwama cha mayi wina. Panali chithunzi cha munthu wouluka, chinsalu chakuda chili kumsana.

"Mayi, kodi munthu ameneyu mukumudziwa kwawo?"

"Ameneyu? Ndi wa ku Amereka, wa m'mabuku a zithunzi. Ana anga amamuonera pafoni."

"Ndi wa ku Kabudula. Anamujambula ndi mng'ono wanga Lemekezani, m'kope la kusukulu, kalekale. Mzungu wina wophunzitsa kwathu anabwereka kopelo sabata yathunthu asanabwerere kwawo."

"Aaa, bambo, anthu ouluka amajambula aliyense. Umboni uli kuti?"

"Mdzukulu wanga wa m'tauni anafunsanso chimodzimodzi. Akuti buku loyamba la munthu ameneyu azungu amaligula mtengo woposa galimoto, ndiye kope lathu lingapose pamenepo. Anayankhula zimenezi pachinkhoswe, mudzi wonse ukumva."

"Nanga osaligulitsa bwanji?"

"Tinaliika m'bokosi pamodzi ndi mwini wake. Moyo wake wonse ankagona nalo kumutu. Tikanamulanda bwanji?"

"Ndiye linawola kale, eti?"

"Tinawauza choncho anthu, koma sanamve. Lolemba lapitali tinapeza manda ake atafukulidwa."

"Mayo ine! Kopelo analipeza?"

"Alipeza kuti? Chiswe chinadya kalekale. Nsalu ili m'jumbomu ndagula yokakulungira mafupa a mng'ono wanga."