Simbi, mano awiri ndi pasipoti ya Takondwa

Abale ndi alongo, landirani moni m'dzina la Ambuye, makamaka inu amene mukugona ndi kalata ya a imigireshoni kunsi kwa pilo. Ine ndine mayi ake a Takondwa, wa ku Clondalkin. Mwana wangayu anabadwira muno mu Dublin, koma panangotsala pang'onong'ono kuti amukweze ndege n'kukamusiya ku Malawi, dziko lomwe sanalipondepo. Amene anamuika pamoto umenewu ndine ndemwe, ndi mkono wangawu.

Ndinabwera kuno kudzapempha asayilamu, chilolezo chokhala ngati wothawa kwawo, kutsatira achimwene anga a Lameki omwe ankagwira ntchito ya zomangamanga. Kutchalitchi ndinadziwana ndi Tembo, nesi wochokera ku Chipata, yemwe anali atakhala kuno zaka zingapo ndi mapepala ake abwinobwino. Mimba itaoneka, achimwene anamuitanitsa kunyumba kuti adzayankhe mlandu wondipatsa pathupi asanaonekere kwa eni mbumba. Tembo anapepesa ndithu, koma anawonjezera mawu omwe anayatsa moto. Anati kwawo kwa Angoni mwana ndi wa bambo, choncho adzatenga dzina lake.

Ife ndife Achewa a ku Dowa, mwana ndi wa kuchikazi. Achimwene anadzuka n'kumupatsa chibakera chapamphuno, onse awiri n'kugwera pa tebulo lagalasi lomwe linaphwanyikiratu. Ine mtima wanga ndi wapachala chibadwire. Nditaona Tembo wawakwera achimwene pachifuwa, ndinatola simbi yomwe ndinkasitira zovala n'kumukhoma nayo pakamwa. Mano awiri akutsogolo anagwera pa kapeti, magazi anawazikira kukhoma. Anatuluka atagwira kukamwa ndipo sanakanene kupolisi. Ine ndinkati ndi mantha.

Takondwa atabadwa, achimwene anandiperekeza kukamulembetsa. Titafika pa mzere wa dzina la bambo anati, "Siya pamenepo. Tambala sawerenga anapiye. Mwanayu ndi mbumba yanga." Ndinausiya mzerewo uli mbee, ndikumva kuti ndapambana. Tonse tinkadziwa kuti wobadwira kuno ndi wa kuno basi, osadziwa kuti lamulo linali litasintha.

Kenako chuma cha dziko lino chinagwa. Nyumba zinatsala zopanda madenga, ntchito ya achimwene inatha, ndipo ananyamuka ulendo wa ku England kuisiya mbumba yawo ija pamtetete. Takondwa ali ndi zaka sikisi, kalata inafika yoti asayilamu yakanidwa, tichoke. Mayina analipo awiri, langa ndi la Takondwa. Ndinathamanga ndi setifiketi yake ya kubadwa kwa loya wina wamkazi ku Drumcondra, ndikukalipa kuti alakwitsa. Mayiyo anandifotokozera kuti kubadwira kuno sikukwanira, amayang'ana mapepala a makolo, ndipo zaka zanga zodikira asayilamu siziwerengedwa. Atafunsa za bambo a mwanayo, ndinayankha osaphethira kuti anamwalira.

A imigireshoni anatilamula kuti tizikasaina kuofesi kwawo mpaka tsiku la ndege. Mmawa wina ndili pamzere, mayi yemwe anali patsogolo panga anauzidwa kuti sabwereranso kunyumba. Anadzigwetsa pansi n'kukumbatira mwendo wa benchi. A muofesimo anamukanganula zala chimodzichimodzi, kumukoka mpaka mutu unagunda chitseko, kamwana kake kakukuwa m'manja mwa munthu wina. Nsapato yake imodzi inatsala pafupi ndi phazi langa, ndipo ndinasaina n'kutuluka.

Nditafika kunyumba Takondwa anandifunsa, "Mum, is my school in Malawi too?" Sindikudziwa chomwe chinandilowa. Ndinamuwomba mbama yomwe inamugwetsera pa rediyeta, chitsulo chotenthetsera m'nyumba, mlomo n'kung'ambika. Nditaona magazi pakamwa pa mwana wanga ndinakumbukira magazi a pakhoma paja, ndipo ndinadzida. Ndinakhala pansi n'kulira ngati kwagwa maliro.

Ndinasala kudya masiku atatu. Ndisaname, pemphero langa linali loti Mulungu akanthe onse a muofesi ija. Koma mumtima munkangobwera mawu amodzi, akuti wakufa wako uja ali moyo. Ndinalimbana nawo mpaka ndinatopa, kenako ndinabwerera kwa loya kukaulula bodza langa. Anavula magalasi n'kundiyang'ana. Anati ngati Tembo anali ndi chilolezo cha ntchito zaka zokwanira mwanayo asanabadwe, Takondwa ndi nzika ya dziko lino kuyambira tsiku lomwe anabadwa. Chinkasowa ndi dzina pa mzere uja.

Ndinatenga akulu ampingo awiri, monga timachitira kwathu pokapepesa, ulendo wa ku Ongar komwe Tembo ankakhala ndi mkazi wake. Ndinagwada pakhomo. Mkaziyo atamva dzina langa anakuwa, "Ndiwe wa simbi uja?" Anandigwira tsitsi n'kundikankhira pa masitepe. Ndinagubuduzika mpaka pansi, bondo linachekeka, ndipo koyamba m'moyo wanga sindinabwezere. Ndinakwera chotsimphina n'kukagwadanso pomwe paja. Tembo anamvetsera zonse zomwe akuluwo ananena, anandiyang'ana, n'kutseka chitseko.

Tsiku losainanso linali Lachinayi, ndipo ndinkadziwa kuti mwina ndife otsatira kukokedwa. Ndinalongedza zovala za Takondwa m'chikwama, ndikumuuza Mulungu kuti ndachita zomwe munanena, onani malipiro ake. Lachitatu masana loya anandiimbira kuti ndibwere msanga. Nditalowa ndinapeza Tembo atakhala, yunifolomu ili m'thupi, pamiyendo pali chifayilo cha mapepala ake onse kuyambira tsiku lomwe anafika kuno.

"Sininabwele chifukwa cha iwe," anatero m'Chinyanja chawo chija. "Nabwelela mwana. Tsiku lija sininaitane police chifukwa sembe anakupitikisa na mimba yanga. Manje ningamusiye lelo?"

Apa m'pamene ndinadziwa kuti sanali mantha aja. Munthu ndinamugulula manoyo anali atamuteteza kale mwanayu asanabadwe n'komwe. Loya anathamangira kukhoti kukaimitsa ulendo, Tembo ndi Takondwa anayezedwa DNA, dzina la bambo linalembedwa. Patapita miyezi pasipoti ya Takondwa inabwera, ndipo pambuyo pake nanenso anandilola kukhala monga mayi ake.

Tsiku lomwe anakumana koyamba ndi bambo ake, Takondwa anali atangoguluka mano akutsogolo. Ataona mpata wa m'kamwa mwa Tembo anaseka n'kufunsa, "Will yours grow back too?" Tembo anandiyang'ana, ine ndikudikira kuti aulule zomwe ndinachita.

"Ninagwa pa njinga, mwana wanga," anatero. "Ako azamela."

Ndikuthokoza Mulungu yemwe sanayankhe pemphero langa laukali lija, koma anandipatsa bondo logwadira. Inu amene mukusainabe, musataye mtima ndipo musaleke kupemphera. Muuzeni loya wanu zoona zonse, musaphe anthu amoyo ndi pakamwa ngati ine, chifukwa thandizo lanu mwina lili kwa munthu yemwe simukufuna kumugwadira. Mano a Takondwa anamera. A bambo ake ayi, ndipo Loweruka lililonse akabwera kudzamutenga n'kumumwetulira, ndimaona zomwe ndinachita ndi zomwe ndinakhululukidwa. Ambuye alemekezeke.